Ndinkaona magazi kuchimbudzi ndili woyembekezera

Ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika mu Lilongwe muno, ndipo ntchito yanga ndi yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mpando umenewu uli ndi mbali yake pa nkhani yomwe ndikufuna ndikuuzeni amayi anzanga oyembekezera, makamaka inu amene mwaona magazi pochita chimbudzi koma simunauze munthu.

Ndinaima chapakati pa chaka cha 2022. Inali mimba yachiwiri, ndipo poti yoyamba sinandivute, ndinkadziona ngati ndikudziwa zonse zobwera. Miyezi itatu yoyambirira nseru inandigwira koopsa. Fungo la usipa wokazinga, la anyezi, ngakhale la mafuta othira m'makina, linkanditembenuza m'mimba. Zomwe zinkakhazikika zinali tiyi, buledi, mpunga ndi phala la ufa woyera. Ndiwo zamasamba ndinazisiyiratu, nyemba sindinkafuna ndi kuziona komwe. Panopa ndikudziwa kuti nseru imachepako ukamadya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ukatafuna kanthu kouma usanadzuke pamphasa, ndiponso ukamamwa madzi otentha a jinja. Koma ngati mukusanza chilichonse ngakhale madzi, mkodzo n'kumabwera wochepa ndi woderapo, kumeneko si kupirira ayi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Sikelo ndinayamba mwezi wachinayi. Masiku ano amatilimbikitsa kuyamba m'miyezi itatu yoyambirira ndi kuonana ndi azachipatala kasanu ndi katatu tisanachire, choncho ndinachedwa. Anandiyeza magazi ndi BP, anandipatsa neti, ndinamwa fansida pamaso pa anamwino, mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi oti ndizimwa limodzi tsiku lililonse.

Imeneyo inali October, Lilongwe ikutentha. Mayi woyembekezera amakodza pafupipafupi, ndipo chimbudzi cha kumsika n'cholipira. Ulendo uliwonse ndalama, ulendo uliwonse kusiya makina ndi nsalu za eni ake pakhonde. Ndiye ndinachepetsa kumwa madzi. Chimbudzi chikandipeza masana ndinkachigwira kuti ndikachite kunyumba madzulo, koma ndikafika kunyumba chilakolako chija chatha. Pamwamba pa zimenezi ndinayamba kulakalaka dothi. Ndinkagula timapepala ta dothi lootcha lija kwa amayi ena pamsika, n'kumatafuna ndikusoka. Palibe amene ankadabwa nazo, poti kwathu kuno mayi wapakati akamadya dothi timangoti ndi mimba.

Kudzimbidwa kunabwera mwakachetechete. Poyamba kudumpha tsiku, kenako masiku angapo. Mimba inkafufuma, mpweya osatuluka bwino, ndipo ndikapita kuchimbudzi ndinkakhalako nthawi yaitali ndikudzikakamiza, thukuta lili kamukamu, zotuluka zake timibulu touma ngati ta mbuzi. Mtundu wake unasinthanso, chinayamba kuoneka chakuda. Mnzanga wina wogulitsa kaunjika anandiuza kuti ndi mapiritsi a magazi aja, n'kuwonjezera kuti amakulitsa mwana m'mimba mpaka munthu kukachitidwa opaleshoni. Za kukulitsa mwanazo ndi bodza, ndipo bodza limeneli likusiyitsa amayi ambiri mankhwala ofunika. Zoona zake n'zakuti mapiritsiwa amadetsadi chimbudzi, zomwe sizoopsa, ndipo kwa ena amachiumitsa. Ine ndinamva mbali ya kuumitsayo, ndinawaponya m'kabati.

Magazi ndinawaona koyamba mu December, nthawi ya mayunifolomu ndi zovala za Khirisimasi, pomwe ndinkakhala pamakina mpaka mdima. M'mawa wina nditadzikakamiza kwambiri ndinamva kuwawa kobaya kotulukira chimbudzi, ndipo popukuta pepala linafiira. Magazi ake anali ofiira piriwiri, atsopano. Miyendo inazizira. Ganizo loyamba linali lakuti mimba ikuchoka. Ndinabwerera m'nyumba, ndinatseka chitseko, ndinatenga kansalu koyera n'kupukuta kutsogolo pakokha, kenako kansalu kena kumbuyo pakokha. Kutsogolo kunalibe kanthu. Ndinakhala pabedi ndikugwira mimba mpaka mwana anagunda, m'pamene ndinapuma.

Kuyesa kumeneku n'kofunika, ndipo ndikupempha muchite chimodzimodzi. Magazi ochokera kunjira yoberekera pamene muli ndi pakati ndi nkhani ina yosiyana kotheratu. Akhoza kutanthauza kuti nsengwa yakhala pakhomo la chiberekero kapena yayamba kumatuka nthawi isanakwane, ndipo zimenezi zimapha mayi ndi mwana yemwe. Akakhala a kutsogolo, ochuluka kapena ochepa, kuwawa kulipo kapena kulibe, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Mukalephera kusiyanitsa komwe akuchokera, nyamukaninso.

Ine poona kuti ndi a kumbuyo, ndinasankha kukhala chete. Manyazi ake ndi ovuta kuwafotokoza kwa munthu amene sanawamvepo. Za mimba timakamba, za mutu ndi msana timakamba, koma malo amenewo ngakhale dzina lake sitilitchula pagulu. Kusikelo ya mwezi umenewo anamwino anafunsa tonse tili pabenchi ngati pali wina ali ndi vuto. Palibe anayankha. M'kachipinda koyezera, chotchinga chinali nsalu chabe, ndipo ndinkamva kutsokomola kwa amene anali pamzere. Atandifunsa kuti thupi lili bwanji ndinati lili bwino.

Masabata otsatirawo anali owawa. Ndinayamba kuopa chimbudzi, ndiye ndinkadya zochepa kuti ndisapiteko, zomwe zinkangoumitsa zinthu kwambiri. Ndikapita, ululu wotentha unkatsala kwa maola, ndipo pambali panatuluka kachotupa kofewa komwe kankayabwa. Pamakina ndinkakhala ndi thako limodzi. Ndinagula mafuta opaka kwa bambo wina woyenda ndi chikwama m'depoti, amene ankati amachiza matenda a mudzi, kutupa kwa mitsempha ya kotulukira chimbudzi, m'masiku atatu. Kabotolo kake kanalibe dzina, ndipo nditapaka kunatentha moti ndinathamangira kukasamba. Ndinagulanso bulufeni pagolosale. Ndalama yomwe inapita pa zinthu ziwirizi inali yokwana ndiwo za sabata yathunthu, ndipo palibe chinasintha.

Amene anayamba kuzindikira anali apongozi anga aakazi, omwe anabwera kuchokera kumudzi kudzadya nafe chaka. Tsiku lina tikusenda mbatata anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena motsitsa mawu, "Inu mayi, kakhalidwe kameneko si kabwino ayi. Kodi si mudzi umenewo?"

Ndinangogwetsa misozi. Anandisisita kumsana n'kundiuza kuti iwonso anavutika nawo pa mimba ya amuna angawa. Anali munthu woyamba kundiuza kuti zimenezi zimagwera amayi ambiri. Koma chithandizo chomwe ankachidziwa chinali cha kumudzi: mizu yomwa yotsuka m'mimba, ndi munthu wina amene amadula mudzi ndi lumo. Ankanena mwachikondi, ndipo sindiwaimba mlandu. Komabe amuna anga atamva anakana. "Amayi, lumo ayi. Munthuyu ali ndi pakati. Akataya magazi kumudziko tidzamuthamangitsira kuti?" Ananena zoona. Mudzi ndi mitsempha ya magazi yotupa, si kanyama kongomera pakhungu. Kuudula kunja kwa chipatala kukhoza kutayitsa magazi osaleka kapena kulowetsa matenda. Mankhwala otsuka m'mimba, kaya mizu kaya mafuta a nsatsi, akhoza kuyambitsa matenda a kubereka nthawi isanakwane.

Amuna anga ankafuna tipite kuchipatala m'mawa mwake. Ndinawauza kuti tidikire tsiku la sikelo, poti maoda a mayunifolomu anali atandipanikiza. Kudikira kumeneko kunandidyera mphamvu zomwe zinatsala. Pofika mu January ndinkachita chizungulire ndikaimirira, mtima unkagunda mothamanga ndikangokwera kachitunda ka kunyumba kwathu, ndipo ndowa ya madzi yomwe ndinkanyamula osaganizira inkandipumitsa panjira.

Tsiku la sikelo ndinapeza mzamba wachikulire. Asanandigoneke n'komwe anakoka chikope changa cham'munsi, anayang'ana lilime ndi zikhatho, kenako anatsegula buku langa la kuchipatala.

"Mayi, mapiritsi a magazi mukumwa?"

Ndinati ayi.

"Chifukwa?"

Ndinayang'ana nsalu yotchinga ija. Iwo anaona, anaimirira n'kunditengera m'chipinda china chokhala ndi chitseko. Mmenemo ndinanena zonse: kudzimbidwa, magazi, chotupa, dothi, mafuta a m'depoti, bulufeni. Sanandikalipire. Anangoti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mayi. Ife mimba timaiona ndi maso, koma zakumbuyoko mukapanda kunena sitingalote. Ndipo simuli nokha, pabenchi paja alipo ambiri."

Anandifunsa mafunso omwe ndibwino muwakonzekere. Magaziwo ndi ofiira kapena akuda? Ali papepala ndi pamwamba pa chimbudzi, kapena asakanikirana nacho? Pali zonanda ngati mamina? Mukutsekula, thupi likutentha? Kwanu kuli amene anadwalapo matenda a m'matumbo? Mumasamba kapena kuchapa kumtsinje kapena kunyanja? Funso lomalizali ndi la likodzo, lomwe mtundu wake wina umakhala m'matumbo n'kumatulutsa magazi m'chimbudzi, osati mumkodzo mokha monga ambiri timadziwira.

Kuyeza komwe ndinkakuopa miyezi yonseyo kunatenga mphindi zochepa. Ndinagona chammbali kumanzere, mawondo nditawapinda, chitenje chili pathupi. Anavala magolovesi, anayang'ana, anandiuza chilichonse asanachite. Anaitana adokotala kuti adzatsimikize, ndipo anandifunsa kaye ngati ndikulola, iwo ali pompo. Mukhoza kupempha kuti akuyezeni munthu wamkazi kapena kuti pakhale mayi wina m'chipindamo, ndi ufulu wanu. Anapeza zinthu ziwiri: mudzi, ndi kachilonda kong'ambika pakhungu la potulukira chimbudzi, komwe kanabwera chifukwa cha chimbudzi chouma chija. Ululu wobaya unkachokera pakachilondako. Kenako ananditumiza kukayezetsa magazi ndi chimbudzi. M'chimbudzi simunapezeke kanthu, koma magazi anali 9 ndi pang'ono. Kwa mayi woyembekezera, akatsika pansi pa 11 ndiye kuti achepa, ndipo akafika pansi pa 7 ndi zoopsa.

Mmene anandifotokozera, ndinaona kuti zinthu zonse zinali zolumikizana. Mayi akaima, thupi limachulukitsa mahomoni otchedwa progesterone, omwe amafewetsa minofu kuti chiberekero chisunge mwana. Matumbo nawo amafooka n'kumayendetsa chakudya pang'onopang'ono, ndipo chimbudzi chikakhalitsa m'matumbo thupi limayamwamo madzi mpaka chiume. Pamene mwana akukula, chiberekero chimapsinja mitsempha ikuluikulu yobweza magazi kuchokera kumunsi, ndiye mitsempha ya kotulukira chimbudzi imadzadza n'kutupa. Onjezanipo kukhala pansi tsiku lonse, madzi ochepa, ufa woyera, dothi, ndi kudzikakamiza. Dothilo anandiuza kuti nthawi zambiri amalilakalaka ndi anthu amene ayironi wachepa m'thupi, koma lokha silibweza magazi. Limaumitsa m'mimba, limasokoneza thupi kuyamwa ayironi wa m'zakudya, ndipo likhoza kubwera ndi mazira a njoka. Choncho ndinkataya magazi pang'onopang'ono kuchimbudzi, mwana akufunanso ake, ine nditasiya mapiritsi okhawo omwe akanabwezeretsa. Mzamba uja ananena mosabisa kuti mayi wolowa m'chipinda choberekera magazi ali ochepa sapirira ngakhale kutaya kumene wina akanapirira.

Za bulufeni anandiletsa ndithu. Mankhwala a gulu limenelo, pamodzi ndi diclofenac ndi indosidi, si abwino kwa mayi wapakati, makamaka miyezi yomalizira, chifukwa amatha kusokoneza impso ndi kayendedwe ka magazi ka mwana. Wololedwa pa ululu ndi panado, pa mlingo wake.

Mapiritsi a magazi anandipatsa ena n'kundiuza kuti ndiziwamwa madzulo nditadya, osati ndi tiyi, poti tiyi amatchinga ayironi. Ndizitsagana nawo ndi chipatso, kaya lalanje, bwemba kapena madzi a malambe. Anandilemberanso lactulose, mankhwala amadzi otsekemera ofewetsa chimbudzi, ndi mafuta opaka. Ziwirizi kuchipatalako kunalibe, ndinakagula kufamase. Kuonana ndi adokotala ndi kuyezetsa sindinalipire kanthu, koma mankhwalawo anadya ndalama yomwe ndimapeza ndikasoka mayunifolomu awiri kapena atatu, ndipo botolo silinakwane limodzi. Onjezanipo thiransipoti ndi tsiku lathunthu la ntchito lomwe linathera pamzere. Lactulose sagwira pompopompo, amatenga tsiku kapena awiri, ndipo masiku oyamba amadzadza mpweya m'mimba. Musamusiye poganiza kuti sakugwira, ndipo amafuna madzi ambiri.

Mankhwala anathandiza, koma chomwe chinasintha zinthu kwenikweni ndi khitchini. Tinapita kuchigayo ndi chimanga chosakonola. Amuna anga anakulira nsima yoyera ndipo mgaiwa ankauona ngati chakudya cha kusukulu yogonera, koma anati m'nyumba simungaphikidwe miphika iwiri, tidya tonse. M'mawa ndinkamwa phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'malo mwa tiyi ndi buledi. Inali nyengo ya dzinja, masamba ali mbwee pamsika: nkhwani, bonongwe, chisoso, therere, khwanya. Nyemba ndi nandolo ndinaziyamba pang'onopang'ono chifukwa ukaziyamba mwamphamvu mimba imafufuma. Mango anali akumapeto, mapeyala akuyamba, ndipo papaya wakupsa bwino ndiye ankandithandiza kuposa zonse. Wosapsa uja mupeweni muli ndi pakati. Dothi linandivuta kusiya sabata zoyambirira, moti ndinkasintha njira kuti ndisadutse pomwe amagulitsa, koma magazi atayamba kukwera chilakolakocho chinazilala chokha.

Ndinapeza botolo la malita awiri lomwe ndinkaliika pafupi ndi makina, lamulo lake lithe ndisanaweruke. Ndinakambirana ndi mayi wina wokhala kuseri kwa sitolo kuti ndizigwiritsa ntchito chimbudzi cha kwawo, ine n'kumawasokera zong'ambika za ana awo. Chimbudzi chikandipeza ndinkapita nthawi yomweyo, ndipo chikakana ndinkatuluka osalimbana nacho. Ola lililonse ndinkaimirira n'kuyenda kuzungulira sitolo. Kwa amene muli ndi chimbudzi chokhalira, ikani kampando kapena njerwa pansi pa mapazi kuti mawondo akwere, ndipo foni isiyeni panja chifukwa imakukhazikani nthawi yaitali.

Popukuta ndinasiya mapepala olimba n'kuyamba kutawasa ndi madzi, kenako kuumitsa mogunda pang'ono ndi kansalu kofewa. Madzulo aliwonse, komanso ndikachoka kuchimbudzi ngati ndili kunyumba, ndinkakhala m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10 kapena 15. Madzi okha, opanda Dettol, sopo kapena mankhwala ena. Ululu wotentha uja unkatsika ndili m'beseni momwemo. Pogona ndinkagonera kumanzere, komwe kumachepetsa kupsinjika kwa mitsempha ija. Patapita sabata ziwiri chimbudzi chinafewa ndipo magazi anayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Kachilondako kanatenga nthawi yopitirira mwezi kuti kapole, ndipo tsiku limodzi lokha la chimbudzi chouma linkakatsegulanso.

Ndikuti ndapeza mpumulo, kunabwera vuto lina. Mukukumbukira kuti nthawi imeneyo kolera inali itavuta m'dziko muno, mliri womwe unayamba mu March 2022 n'kufika poipitsitsa kumayambiriro kwa 2023, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu January. Usiku wina chakumayambiriro kwa February ndinayamba kutsekula m'mimba, kupotokola kuli apo, ndipo chifukwa chopitapita kuchimbudzi magazi anabwereranso. Mimba inayamba kumangika n'kumasuka. Ulendo uno sitinadikire. Amuna anga anasungunula paketi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi owiritsa, ndinkamwa pang'onopang'ono usiku wonse, ndipo kutangocha tinali pachipatala. Sinali kolera, komanso sanali kamwazi. Anati mwina ndinadya chakudya chosasamalika. Anamvetsera mtima wa mwana, anandisunga mpaka masana akundimwetsa Thanzi, ndipo kumangika kwa mimba kunaleka thupi litabwerera madzi. Anandiuza ndiimitse kaye lactulose mpaka m'mimba mutakhazikika.

Apa ndinaphunzira kuti kutha madzi m'thupi kumatha kuyambitsa zowawa za kubereka mwana asanakhwime, choncho mayi wapakati asamaone kutsekula m'mimba ngati nkhani yaing'ono. Ngati Thanzi palibe, lita imodzi ya madzi abwino, masipuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere zimagwira ntchito mukupita kuchipatala. Musagule flagyl kapena mapiritsi oimitsa m'mimba pagolosale. Chimbudzi chamadzi choyera ngati madzi otsukira mpunga, magazi osakanikirana ndi zonanda, kutentha thupi, magazi oundana kapena ongotuluka osaleka, chimbudzi chakuda bii chomata ndi chonunkha modabwitsa, kukomoka, mwana kuchepetsa kugunda, chilichonse mwa izi si cha mawa. Kuda kwa mapiritsi a magazi n'kosiyana, chimbudzi chake sichimata ndipo chimapita kobiriwira. Ngati muli kutali ndipo mukufuna kufunsa kaye, kuli Chipatala cha pa Foni, komwe mumaimba mwaulere, ndipo pafoni palibe amene akukuonani nkhope.

Miyezi iwiri yomaliza inabwera ndi chilungulira. Ndikangogona, moto unkakwera kuchokera pachifuwa mpaka kukhosi. Mnansi wina anandiuza kuti ndizimwa soda wophikira therere wosungunula m'madzi, koma nditafunsa kusikelo anandiletsa, poti ali ndi mchere wambiri ndipo amatha kutupitsa thupi. Anandipatsa mankhwala oyera amadzi a chilungulira n'kundichenjeza kuti ndisamamwe nthawi imodzi ndi mapiritsi a magazi, pazidutsa maola awiri. Chinandithandiza kwambiri ndi kudya msanga madzulo, kuchepetsa zokazinga ndi tsabola, ndi kukweza kumutu kwa bedi. Mzamba uja anandiuzanso chinthu chomwe ndimauza mayi aliyense wapakati wobwera kudzasoketsa: ululu wa pamwamba pa mimba kapena pansi pa nthiti za kumanja, ukabwera ndi mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kapena kutupa nkhope ndi manja, usatchedwe chilungulira. Ikhoza kukhala BP ya mimba, yomwe imafika pokomola munthu. Kayezetseni tsiku lomwelo.

Mwezi wachisanu ndi chinayi mudzi unatupa kuposa kale. Tsiku lina kachotupa kaja kanalimba, kanada, ndipo sindinathe kukhala pansi ngakhale pang'ono. Ndinabwerera kuchipatala, komwe anati magazi aundana mkati mwa mtsempha. Sanachite opaleshoni. Anandiuza kuti ululu umakula masiku oyambirira kenako umatsika wokha, ndipo zinaterodi ndi panado, beseni, nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, ndi kugona chammbali. Makina ndinawatseka nthawi imeneyo, sabata zingapo ndisanakonzekere, ndipo maoda ena ndinabweza kwa eni ake pamodzi ndi ndalama zawo. Zinandipweteka mtima chifukwa ndalamazo ndinkawerengera kugulira zofunika kuchipatala, beseni, zitenje ndi pepala lakuda lija. Achemwali anga ndi amene anandithandiza.

Mantha anga aakulu anali akuti pobereka mudziwo uphulika, kapena andikakamiza opaleshoni chifukwa cha iwo. Ndinafunsa, ndipo anandiuza kuti mudzi suletsa mayi kubereka bwinobwino. Pondiyeza komaliza magazi anali atakwera kudutsa 11. Ndinachira mu March, mwana wamkazi, wathanzi. Nditangofika ndinauza azamba za vuto langa, ulendo uno mosazengereza, ndipo linalembedwa kale m'buku. Kukankha kunautupitsadi, moti masiku oyamba kukhala pansi poyamwitsa kunali kovuta, ndinkayamwitsa chogona. Chimbudzi choyamba nditachira ndinachiopa kwambiri, koma poti ndinapitiriza lactulose, madzi ndi phala la mgaiwa, chinadutsa bwino. Mapiritsi a magazi ndinapitiriza monga anandiuzira. Mayi woyamwitsa amafuna madzi ambiri kuposa kale, ndipo kudzimbidwa kumabwerera msanga ukatanganidwa ndi khanda n'kuiwala kumwa.

Pofika sikelo ya masabata asanu ndi limodzi, kutupa kunali kutaphwa ndipo magazi anali atasiya. Kanatsala ndi kakhungu kakang'ono komwe sikapweteka. Sindinganene kuti mudzi unatheratu, chifukwa ntchito ikachuluka n'kukhala masiku ndikudya buledi ndi tiyi pamakina, umayamba kuyabwa, ndipo ndimabwerera ku mgaiwa ndi botolo langa la madzi. Adokotala anandiuza kuti magazi akadzabweranso chimbudzi chili chofewa, kapena akadzapitirira miyezi nditachira, kapena ndikadzayamba kuonda ndi kusinthasintha kachitidwe ka chimbudzi popanda chifukwa, ndisadzangoti ndi mudzi uja. Ndidzapite kuti akanditumize kuchipatala chachikulu komwe amaunika m'matumbo ndi kachipangizo, chifukwa pali matenda ena, kuphatikizapo khansa ya m'matumbo, omwe amayamba ndi chizindikiro chomwechi ndipo amachizika bwino akapezeka msanga.